Foni yagwa m'madzi, kusitolo akana kusintha: yankho kwa mayi wa ku Bangwe

Sabata ino ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Bangwe amene amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Ndaifupikitsa, koma nkhani yake ndi iyi. Sabata yatha, mvula itakhuthuka masana, foni inawapulumuka m'manja potsika minibasi n'kugwera m'ngalande yodzaza madzi. Anaitola msanga, n'kuipukuta ndi chitenje, ndipo atafika kunyumba anaikwirira mumpunga masiku awiri. Ataivuula inayaka bwinobwino, iwo mtima pansi, n'kuiika pa tchaja. Kutacha pagalasi panali mizeremizere yobiriwira, pofika madzulo inazimiratu. Foniyo anaigula miyezi 4 yapitayo, lisiti ali nalo, pepala la waranti ya miyezi 12 ali nalo, koma kusitolo anangosuzumira polowera simu khadi n'kunena kuti sangawasinthire. Funso lawo: "Kodi andibera? Makasitomala anga onse ali pa WhatsApp, ndalama za geni zili m'foni momwemo. Nditani?"

Mayi, pepani kwambiri. Kwa munthu wa geni foni ndi sitolo yachiwiri, ndipo ndikudziwa kuti tulo simukuliona. Koma ndiyambe ndi mawu owawa kuti musataye ndalama ya minibasi n'kumabwererabwerera kusitoloko: pa nkhani iyi sanakubereni.

Chimene anasuzumira chija ndi kapepala kakang'ono kwambiri, ngati kanjere ka mapira, kamene opanga mafoni amamata mkati. Mu iPhone ndi m'mafoni ambiri a Samsung kamakhala polowera simu khadi, ndipo mukachotsa kathireyi n'kuunika ndi tochi mumakaona. M'mafoni ena kamabisika kuseri kwa chivundikiro. Kakakhala kouma kamaoneka koyera, koma kakangokhudzana ndi madzi kamafiira, ndipo sikabwereranso mwakale ngakhale foni iume chaka chathunthu. Waranti ndi lonjezo la wopanga lakuti chinthu chikawonongeka chifukwa cha kapangidwe kake adzakukonzerani kapena kukusinthirani. Ngozi ya madzi, kugwetsa pansi, kuphwanya galasi, zimenezo salonjeza. Tengani pepala lanu lija muwerenge timalemba tating'onoting'ono ta m'munsi, mupeza mawu okhudza madzi.

Ena amati, nanga si foni yanga anandiuza kuti siilowa madzi? Apa m'pamene ogulitsa ambiri amalankhula mopyola. Pabokosi pamalembedwa IP67 kapena IP68. IP67 ikutanthauza kuti poiyesa inapirira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30. IP68 ndi kuya koposerapo, malinga ndi wopanga. A Samsung kawirikawiri amalemba mita 1.5 kwa mphindi 30. Koma mayesowo amachitika m'madzi oyera, odekha, foni ili yatsopano. Timalabala ndi guluu zotseka m'mbali zimafooka foni ikamakalamba, ikagwapo pansi, kapena ikatsegulidwapo ndi wokonza. Ndipo ngakhale a Apple ndi a Samsung, amene mafoni awo odula ali ndi chizindikiro chimenechi, amanena poyera kuti waranti yawo siikhudza kuwonongeka ndi madzi. Mafoni ambiri otsika mtengo amene tili nawo m'matumba muno mu Blantyre sanapangidwe n'komwe kuti amizidwe.

Tsono tibwere pa zimene zinachitika mkati mwa foni yanu, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani yonse. Chimene chimapha foni si madzi paokha ayi, koma madzi akakumana ndi moto wa m'batire. Mkati muli kabolodi kodzaza tinjira ta mkuwa topyapyala kuposa tsitsi. Madzi a m'ngalande ya ku Limbe si madzi chabe: muli dothi, mchere, sopo, mafuta a galimoto. Madzi otere amadutsitsa magetsi, ndiye moto umalumpha kuchoka pa kanjira kena kupita pa kena pamene sunayenera kufika. Chachiwiri, moto ukamayenda pa zitsulo zonyowa, dzimbiri limene likanatenga miyezi limamera m'maola ochepa. N'chifukwa chake foni yonyowa imanamiza. Imayaka lero, mawa ikuimba bwino, mkuja yazima.

Ine izi ndinaziona ndi maso. Chaka china foni yanga inatsetsereka m'thumba la malaya n'kugwera m'beseni ndikutsukuluza zovala. Sinakhalemo ngakhale mphindi imodzi. Ndinaipukuta, ndinaona kuti ikuyaka, usiku ndinailumikiza ku tchaja monga mwa masiku onse. Patapita masiku atatu ndinali nditakhala pa benchi ya wokonza mafoni wina m'tauni, iye ataitsegula n'kundiitana kuti ndiyang'ane pa galasi lake lokuza zinthu. Pozungulira polowera tchaja panali tinthu toyera mosakanikirana ndi kubiriwira, ngati nkhungu ya pa nsima yogona, ndipo kachitsulo kena kanali katadyeka mpaka kuduka. Anakanda pang'ono ndi nsonga ya kachitsulo, ufa wake n'kumayoyoka. Zithunzi za mwana wanga ali wakhanda zinathera pamenepo, ndipo mpaka lero zimandipweteka. N'chifukwa chake nkhani ya mpunga sindiitenga mopepuka.

Mpunga sukoka madzi amene alowa kale mkati mwa foni yotsekeka. Umangoumitsa kunja kumene kukanauma kale ndi mphepo, uku fumbi lake ndi timisere tikulowa m'timabowo. A Apple analemba okha pa malangizo awo kuti iPhone yonyowa isaikidwe m'thumba la mpunga. Koma choipa chenicheni cha mpunga n'chakuti umatigoneka tulo. Munthu umaona ngati wachitapo kanthu, masiku awiri n'kudutsa, pamene dothi ndi mchere zakhala phee pa bolodi, batire likadali lolumikizidwa, dzimbiri likudya. Sindikukudzudzulani, mayi. Tonse tinauzidwa zomwezo ndi anthu otifunira zabwino.

Kwa ena amene mukuwerenga, poti mvula timakhala nayo mpaka mwezi wa Epulo: foni ikagwa m'madzi, izimitseni nthawi yomweyo, ngakhale ikuoneka yamoyo. Chotsani chikuto, simu khadi ndi memori khadi, ndipo ngati batire lake ndi lochotseka, lichotseni. Igwireni polowera tchaja pataloza pansi n'kuigogoda pang'onopang'ono pachikhatho. Musaiuzire ndi pakamwa, mumangokankhira madzi mkati. Musaiyanike padenga la malata, musaiyandikize pa mbaula, musapite nayo ku saluni kuti akaiwombe ndi choumitsira tsitsi. Batire la foni likatenthedwa limafufuma, nthawi zina kuyaka kumene. Ndipo tchaja ayi, ngakhale mtima ukukuuzani kuti mungoyesa. Ngati inamira ndithu, makamaka m'madzi akuda, a sopo, kapena mu tiyi, tsiku lomwelo ifike kwa wokonza.

Nanga inu, mayi, poti zafika kale apa? Madzi akatayika saoleka, koma sikuti zonse zatayika. Yambani ndi ndalama, chifukwa pamenepo mtima ukhale m'malo: ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhala m'foni. Zili pa nambala yanu, kukampani. Simu khadi kawirikawiri siifa ndi madzi. Ichotseni, ipukuteni, iikeni m'kafoni ka mabatani kobwereka, muimbe *211# ngati ndinu a Airtel kapena *444# ngati ndinu a TNM, muona ndalama zanu zili chikhalire. Ikakana, pitani ku ofesi ya kampani yanu ndi chiphaso cha unzika, akakupatseni khadi ina pa nambala yomweyo. Apa m'pofunika kuti nambalayo ikhale yolembetsedwa m'dzina lanu. Alipo ambiri amene mu 2018, nthawi ya kalembera wa manambala, analembetsa pa chiphaso cha m'bale wawo, ndipo vuto limadzaonekera tsiku ngati limeneli.

WhatsApp nayonso imatsata nambala. Pa foni ina iliyonse mukalowetsa nambala yanu, adzakutumizirani manambala 6 pa uthenga, magulu anu onse n'kubwerera. Manambala amenewo musauze munthu, ngakhale amene akukuthandizani kuika. Mauthenga akale ndi zithunzi za maoda zimabwerera pokhapokha ngati foni inkasunga pa Google Drive, malo osungira zinthu pa intaneti, ndipo mudzafunika kulowa ndi imelo yomwe ija ya Gmail imene inali m'foni yakufayo. Maina a makasitomala nawonso nthawi zambiri amakhala kumeneko. Ndiye ndikufunseni: imelo imeneyo mukuidziwa, ndi pasiwedi yake? Ambiri a ife anatitsegulira ndi mnyamata wa kusitolo kapena mwana wa mlongo wathu tsiku logula, ife osalemba paliponse. Musakeni munthuyo lero lomwe.

Kenako foniyo ipite kwa wokonza, mawa m'mawa, osadikira kutha kwa mwezi. Okonza mafoni ndi ambiri, ku Limbe, kumsika wa Blantyre, ku Ndirande, ndipo alipo aluso zedi. Koma funsani kaye mmene achitire. Wodziwa ntchito amatsegula, amalumula batire choyamba, amachotsa bolodi n'kuitsuka ndi mankhwala otchedwa isopropyl alcohol, ena ali ndi kamakina konjenjemeretsa madzi kotsukiramo, kenako amaumitsa bwino asanayese moto. Amene angoilandira n'kuthamangira kuilumikiza ku tchaja kuti aone ngati iyake, ilandeni mwaulemu mupite kwina. Muuzeni zoona zonse: kuti anali madzi a m'ngalande, kuti inagona mumpunga, kuti munaitchaja. Simu khadi ndi memori khadi zitsale m'chikwama mwanu. Mugwirizane mtengo wotsegula ndi kuyeza asanagwire sikuludiraiva, ndipo akasintha chipangizo akupatseni chakalecho.

Mizere yobiriwira ija ikhoza kutanthauza kuti lafa ndi galasi lokha, bolodi ili moyo, ndipo zikatero ndi mwayi. Koma maganizo anga ndi awa: foni imene inamwapo madzi akuda siikhulupirikanso. Ikhoza kukutumikirani chaka, ikhozanso kuzima mwezi wamawa muli pakati polandira oda. Ngati mtengo wokonza ukuyandikira theka la mtengo wa foni ina yonga yomweyo, ine ndingapemphe wokonza kuti angoidzutsa kwa ola limodzi, ndikokere zithunzi ndi manambala, ndalama yotsalayo ndisungire ina. Ndipo ngati munaitenga pa ngongole yolipira pang'onopang'ono, musangosiya kulipira. Werengani pangano lanu, mukafunse ngati muli inshuwalansi mkati mwake, poti ngongole siifa chifukwa foni yafa.

Wina akhoza kukunong'onezani kuti kapepala kofiira kaja amatha kukasintha, mukaname kusitolo kuti inangozima yokha. Musayese. Akatsegula, dzimbiri lija limadzinenera lokha, ndipo mudzataya ndalama ndi ulemu womwe. Bwererani kusitoloko kamodzi kokha, osati kukakangana, koma kukafunsa ngati angakukonzereni molipira kumalo awo ovomerezeka, kapena kukutsitsirani mtengo pa foni ina. Kasitomala wa lisiti m'manja, wolankhula zoona, ena amamumvera.

Ndisasiye osanena mbali inayo, chifukwa si nthawi zonse pamene wogulitsa amakhala wolungama. Foni ikafa yokha isanaone dontho, kapepala kali koyera, waranti isanathe, iwo n'kumanamizira madzi, pamenepo musagonje. Auzeni akuonetseni umboni inu mukuona ndipo akulembereni chifukwa chokanira. Madandaulo otere amalandiridwa ku bungwe la boma la Competition and Fair Trading Commission, ndipo bungwe loimira ogula la CAMA lilipo pa ntchito yomweyo. Lisiti ndiye mboni yanu.

Pogula ina, makamaka yogwiritsidwapo kale ntchito, samalani kwambiri miyezi ya mvula. Mafoni amene anamira, n'kutsukidwa, n'kudzuka, amabwerera pamsika akuwala ngati atsopano. Safunsa anadya phula. Chotsani kathireyi ka simu khadi muunike mkati. Yang'anani pagalasi la kamera ngati muli nthunzi, ndi pagalasi lalikulu ngati muli mabanga ngati mapu. Imbirani munthu mumve ngati mawu akutuluka bwinobwino, ikani pa tchaja mphindi zingapo muone ngati ikutentha. Imbani *#06#, patuluka nambala yozindikiritsa foniyo, yotchedwa IMEI, ya manambala 15. Ifanane ndi ya pabokosi, ndipo ilembedwe pa lisiti pamodzi ndi dzina la wogulitsa, chifukwa foni yakuba ikagwidwa ili m'manja mwanu, woyankha ndinu.

Tsiku lomwelo, musanatuluke m'sitolo, lembani imelo ndi pasiwedi m'kope limene limakhala kunyumba, ndipo mutsegule zoti WhatsApp izisunga pa Google Drive, ngakhale kamodzi pa sabata ngati bandulo ikuvuta. M'chikwama muzikhala kajumbo kotseka pakamwa, mitambo ikangoda ku phiri la Bangwe foni izilowa mmenemo musanakwere minibasi. Wokonza akatsegula foni yanuyo, mundilembere zimene wapeza pa bolodi ndi mtengo umene wakuuzani, tidzaonere limodzi ngati n'koyenera kulipira.