Musatenge ngongole pa Spider-Man yemwe si wanu

Funso: Ndimakonda kujambula ndi utoto ngwazi za m'makomiki monga Spider-Man ndi Batman. Ndimaimika zidole zawo patebulo n'kumatengera mmene zaimira. Anzanga akuti ndiyambe kugulitsa, ndiye ndikufuna kutenga ngongole yosindikizira mapositala 100. Ndiike mtengo wanji?

Yankho: Achimwene, za mtengo zidikire kaye. Makalata ngati yanuyi amabwera pafupipafupi, ndipo onse amadumpha funso limodzi: katundu mukufuna kutengera ngongoleyu ndi wa ndani?

Dzanja ndi lanu, utoto ndi wanu, koma Spider-Man ndi wa Marvel, kampani imene Disney inagula mu 2009 pa madola pafupifupi 4 biliyoni. Batman ndi Superman ndi a DC, kampani inanso ya makomiki. Eni akewa ali ndi umwini wa nkhope, zovala ndi zizindikiro za pachifuwa zimene mukujambulazo. Ngakhale opanga zidole zili patebulo panuzo amalipira chilolezo. Mukajambula n'kupachika m'chipinda mwanu, palibe amene angakufunseni. Mlandu umayamba mukasindikiza zambirimbiri n'kuika mtengo. Masamba ogulitsirapo a pa intaneti monga Etsy ndi Redbubble amachotsa katundu mwini wake akadandaula, ndipo madandaulo akachuluka amatseka akaunti. Mundiuza kuti ena akugulitsa osakhudzidwa. Alipodi, koma akuyendera mwayi, ndipo mwayi sautengera ngongole.

Tiwerengere pamodzi. Mwasindikiza mapositala 100 ndi ndalama za eni. Tinene kuti kuti mubweze ngongole ndi chiwongoladzanja chake muyenera kugulitsa 60. Mwagulitsa 25, tsamba lachotsedwa. Enawo 75 ali pansi pa bedi akukwinyika, pamene chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi. Wokubwerekaniyo sadzafuna kumva za Marvel, akufuna ndalama yake patsiku lomwe munagwirizana. Ngati ndi wakatapila, ndiye kaya. Chimene chimandipweteka n'chakuti ntchito imene mumaikonda imasanduka chinthu chokusowetsani tulo, mpaka burashi mumaiona ngati mdani.

Chinanso, m'kalata mwanu mulibe nambala ngakhale imodzi ya zimene mumawononga. Chithunzi chimodzi chimakudyerani maola angati? Chubu cha utoto wofiira chimatha pa zithunzi zingati? Nanga chinsalu chojambulapo, maburashi, zidole zatsopano zimene mumagula podzinamiza kuti ndi zida za ntchito? Ndikukayika ngati munalembapo. Ndikudziwanso kuti msuweni wanu anatenga Batman wamkulu uja kwaulere, mnzanu akufuna wa mwana wake, ndipo nonse mukuti ndi kutsatsa malonda. Chithunzi chikamatenga maola 10, zinayi zaulere pamwezi ndi maola 40, sabata yathunthu ya ntchito yopanda malipiro. Apatseni abale mphatso ngati mtima wafuna, koma mulembe m'kope kuti mwapereka, muone nokha kumapeto kwa mwezi. Kope limenelo ndilo lidzayankhe funso lanu la mtengo: zipangizo, kuphatikiza maola anu, kuphatikiza phindu.

Zidolezo musazitaye, zakuphunzitsani zambiri. Mukayatsa nyale mbali imodzi n'kuona mthunzi ukugwa pansi pa chibwano, minofu ya paphewa ikutuluka, chovala cha kumsana chikupindika, mukuphunzira thupi la munthu ndi kuwala. Luso limenelo palibe kampani ingakulandeni, ndipo ndilo muyenera kugulitsa. Jambulani makasitomala enieni ngati ngwazi: mwana wa munthu ataima mwamphamvu, atavala chovala chimene mwapeka nokha, mitundu yanu, chizindikiro chanu. Makolo amalipira nkhope ya mwana wawo mosanyinyirika kuposa positala imene angaipeze paliponse. Apa simusowa ngongole. Kasitomala apereke theka musanagwire burashi, theka limenelo ligule zipangizo, lotsalalo alipire potenga.

Mukapeka ngwazi yanuyanu, muisamale. Jerry Siegel ndi Joe Shuster, amene anapeka Superman, anagulitsa umwini wake mu 1938 pa madola 130 okha, ndipo anatha zaka zambiri akulimbana m'makhoti pamene kampani inkapanga chuma ndi munthu wawoyo. Choncho sainani ndi kulemba tsiku pa chithunzi chilichonse, sungani zojambula zanu zoyambirira za pensulo, ndipo wina akafuna kusindikiza ngwazi yanu pa katundu wake, mulembetsane kuti mukumubwereka kwa nthawi yakuti, osati kumugulitsa kotheratu.

Yambani ndi makasitomala atatu olipira theka, lembani m'kope zimene mwawononga ndi zimene mwapeza tsiku lililonse kwa miyezi itatu, kenako munditumizire manambalawo tione limodzi ngati pali bizinesi. Fomu ya ngongoleyo musasaine.