Omeprazole chaka chathunthu, chilungulira osatha

Mayi wina wandilembera imelo: watha chaka akumwa omeprazole, mankhwala ochepetsa asidi m'chifu, akangosiya chilungulira chimabwerera, makamaka usiku. Akufunsa ngati azimwa mpaka kalekale.

Mayi, kawirikawiri vuto silikhala kuchuluka kwa asidi. Pamene m'mero umalowa m'chifu pali kamnofu kozungulira kamene kamatseguka chakudya chikamatsika, kenako n'kutseka. Kakalefuka, kapena mimba ikapanikizika, asidi amakwera n'kuwotcha m'mero, umene ulibe chotchinjiriza ngati chifu. Fodya, mowa ndi zokazinga m'mafuta zimakalefula. Kunenepa pamimba, pathupi, lamba wothina, ngakhale chitenje chomanga mwamphamvu, zimakankhira asidi m'mwamba.

Anthu amathamangira kuloza mbatata ndi tsabola wa kambuzi. Ena zimawavutadi. Koma ine ndimayamba ndafunsa nthawi ya mgonero. Mitanda itatu ya nsima 8 koloko usiku, 9 koloko munthu wagona kale chagada, chifu chili tho! Asidi alekerenji kukwera?

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri n'chizolowezi chotcha ululu uliwonse wa pachifuwa kuti ndi zilonda za m'mimba, n'kumangogula mankhwala pagolosale. Munthu yemweyo m'thumba muli Brufen wa msana, kapena aspirin, kapena diclofenac, mankhwala amene amanyula chifu. Wina amasungunula soda wophikira therere. Amaziziritsa mphindi zochepa, koma ali ndi sodium wambiri, yemwe uja wa mumchere, ndipo kwa wa BP n'kudziputira. Mkaka nawonso umanamiza: umatonthoza kaye, kenako chifu chimatulutsa asidi wina.

Ndipo pali zizindikiro zimene si zodikira nazo: nsima kuima pakhosi, kuonda popanda chifukwa, kusanza magazi, chimbudzi chakuda ngati phula. Malawi ali m'gulu la maiko amene khansa ya kum'mero ndi yochuluka kwambiri padziko, ndipo kulephera kumeza ndiko chizindikiro chake chachikulu. Zikatero pemphani akutumizeni kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth kapena Kamuzu Central, akakuunikeni m'mero ndi kachubu ka kamera. Ululu wofika kumkono kapena kunsagwada, thukuta lili kamukamu, ungakhale mtima. Thamangani.

Tsono funso lanu

Omeprazole wa 20 mg amamwedwa kamodzi patsiku, mphindi 30 musanadye m'mawa, osati chilungulira chikayamba. Nthawi zambiri ndi masabata 4 mpaka 8. Mukasiya mwadzidzidzi mutamwa nthawi yaitali, asidi amachuluka kwa masabata angapo, n'chifukwa chake mumaona ngati matenda abwerera. Gwirizanani ndi dokotala muzichepetsa pang'onopang'ono, magnesium trisilicate, mankhwala oziziritsa asidi, ali pafupi. Alipo ofunika kumwa kwa zaka, koma aziunikidwa, poti vitamini B12 ndi magnesium zimatha kutsika m'thupi. Idyani mgonero maola 3 musanagone, gonerani kumanzere, ndipo ikani njerwa pansi pa miyendo ya bedi ya kumutu, likwere masentimita 15 mpaka 20. Kuunjika mapilo kumangopinda mimba.