Mpweya wofunda sukufika kumipando yakumbuyo ya galimoto yamagetsi

Bambo wina anditumizira imelo kudandaula kuti m'nyengo yozizira iwo amamva kufunda akamayendetsa galimoto yawo yamagetsi, koma ana awo amene amakhala kumbuyo amanjenjemera ulendo wonse. Akufuna kudziwa ngati hita yawonongeka, komanso ngati n'kwanzeru kugula kahita kolumikiza pasoketi ya mavoti 12.

Bambo, musathamangire kugula kanthu, chifukwa kawirikawiri hita imakhala ilibe vuto, ndipo chimene chimatsekeka ndi njira yodutsa mpweyawo. Injini ya petulo imatentha kwambiri moti kutentha kofunditsa anthu kumapezeka kwaulere, pamene mota yamagetsi sitentha motero, choncho magetsi onse ofunditsira amachokera m'batire lomwe limayendetsanso galimoto. Magalimoto ena ali ndi hita yotchedwa PTC, yotenthetsa mpweya ndi magetsi mwachindunji, imene imatha kukoka makilowati 5 kapena kuposa ikangoyatsidwa kunja kukuzizira kwambiri. Ena ali ndi heat pump, imene imagwira ntchito ngati firiji yotembenuzidwa, kutenga kutentha kwa panja n'kukulowetsa m'kati. Nissan inaika chipangizochi mu Leaf mu 2013, ndipo Tesla inayamba nacho mu Model Y mu 2020. Poti magetsi opita ku hita amachepetsa mtunda umene galimoto ingayende, opanga magalimoto anaikamo njira zingapo zowaumira, ndipo amene amayamba kumanidwa ndi okhala kumbuyo.

Muyambe mwaona mabatani. M'magalimoto ambiri a Hyundai ndi Kia muli batani lolembedwa kuti Driver Only, limene limatumiza mpweya kwa dalaivala yekha, ndipo munthu angalisiye loyatsa osazindikira. Mu Tesla Model 3 mpweya wakumbuyo umayatsidwa ndi kuzimitsidwa pasikirini. Eco, njira yoyendetsera galimoto mosunga magetsi, nayonso imachepetsa mphamvu ya hita m'magalimoto ambiri, choncho muizimitse mukanyamula ana.

Chachikulu kwambiri chili pansi pa mipando yakutsogolo. M'magalimoto ambiri mpweya wofunda umapita kumbuyo kudzera m'timapaipi taphwatalala todutsa pansi pa kapeti, ndipo timatulukira pansi pa mpando wa dalaivala ndi wa mnzake. Timapaipi timeneti timalandira mpweya pokhapokha mwasankha chizindikiro cholozetsa mpweya kumapazi. Mukaulozetsa kunkhope kapena kugalasi lakutsogolo kokha, kumapazi kwa anawo sikufika kanthu, ngakhale inu mutuluke thukuta. Timazenera ta pakati pa mipando, timene anthu ambiri amatidalira, m'magalimoto ena timatulutsa mpweya wosafunda kwenikweni, choncho ndi bwino kutitseka ngati tikuwazizira anawo m'maondo. Mugwade, muunike ndi tochi pansi pa mpando, muchotse nsapato, mabotolo kapena mphepete ya mati a labala imene yaphimba kukamwa kwa kapaipiko, kenako mukweze fani n'kuika dzanja pamenepo kuti mumve ngati mpweya ukutuluka. Fani yotsika imafunditsa amene ali pafupi nayo basi, chifukwa mpweya umafika kumbuyo utatha mphamvu.

Chimene ndimalimbikitsa kwambiri ndi kuyatsa hita galimoto ikadali patchaja, mphindi 15 kapena 20 musananyamuke, kuti mipando ndi m'kati monse mufunde ndi magetsi a m'nyumba, batire lisanakhudzidwe. Ngati mipando yakumbuyo ili ndi hita zake muziziyatsa, poti mpando umodzi umadya mawati osapitirira 100, koma dziwani kuti kutentha kwake sikumufika mwana amene wakhala pampando wake wa ana. Woteroyo mum'mange malamba atavula chijasi chokhuthala, kuti malambawo agwire thupi, ndipo bulangete mulifunditse pamwamba pake.

Kahita ka pasoketi musagule. Soketiyo imapereka mawati pakati pa 120 ndi 180, amene sangafunditse galimoto, ndipo kahitako kamatha kupsereza fyuzi. Ngati mwachita zonsezi koma pansi pa mpando sipakutulukabe mpweya, mwina sefa ya mpweya wolowa m'galimoto yadzaza fumbi kapena kachitseko kogawa mpweya kakanirira. Sefayo mungathe kusintha nokha, koma zinazo musiyire makanika wodziwa magalimoto amagetsi, ndipo mawaya a mtundu wa olenji musawakhudze, chifukwa amanyamula mavoti pafupifupi 400 kapena kuposa.