Dzina la pulogalamu yanu pa intaneti: .com kapena .co.mz?

Achimwene ena a ku Ulongwe andilembera imelo. Iwo ndi anzawo apanga pulogalamu yoti alimi a mbatatesi ku Angónia ndi ku Tsangano aziona mitengo pa foni n'kupeza ogula. Funso lawo ndi la domain, kutanthauza dzina limene munthu amalemba pa intaneti kuti afike pa tsamba lawo, ndipo ndi ili: "Kodi domain yathu ikhale ya Chichewa kapena ya Chingelezi, nanga titenge .com kapena .co.mz?"

Achimwene, yambani ndi kuganizira mmene mlimi adzalidziwire dzinalo. Ambiri adzangolimva pamsika kapena mu uthenga wa mawu pa WhatsApp, kenako n'kuyesa kulilemba okha. Musaiwale kuti kwathu kuno kusukulu tinaphunzira kulemba Chipwitikizi, pomwe pakhomo timayankhula Chichewa. Pomwe wina alemba k, mnzake alemba c kapena qu. Ngakhale tauni yanuyo ena amalemba Ulongwe, ena Ulónguè. Choncho imbirani foni anthu angapo, ena a mutauni ena a kumudzi, mutchule dzinalo kamodzi osawauza kalembedwe, aliyense akutumizireni mmene walilembera. Akasiyana, lisiyeni dzinalo ngakhale mukulikonda chotani.

Ine ndingakondwe litakhala la Chichewa, chifukwa mlimi amakhulupirira msanga chinthu chimene akutha kuchitchula. Koma chenjerani. Mu domain mumalowa zilembo a mpaka z, manambala ndi kamzere kapakati basi. Kachizindikiro kam'mwamba ka m'mawu ngati ng'ombe kapena m'munda sikaloledwa. Zilembo monga ŵ, ã ndi ç ena amazilola, koma kuseri kompyuta imazisandutsa dzina loyamba ndi xn--, ndipo pa foni zimavuta kupeza. Zipeweni. Lamulo limalola zilembo 63, inu musapitirire mawu awiri afupiafupi.

Tsopano za kumapetoko. .mz ndi ya dziko lathu la Mozambique, ndipo kwa zaka zambiri akhala akuiyang'anira ndi a CIUEM, nthambi ya makompyuta pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo. Makampani amagwiritsa ntchito .co.mz. Popeza alimi anu azilipira ma metical kudzera pa M-Pesa kapena e-Mola, ine ndingatenge .co.mz kuti aliyense aone kuti ndinu apakhomo. Ngati .com ya dzina lomwelo ilibe mwini, gulaninso muilozetse komweko, pajatu ogula ena azichokera ku Dedza kudzera pa chipata cha malire cha Calómuè, ndipo iwo chala chinazolowera .com.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti anthu amatuma mnyamata wodziwa makompyuta kuti awalembetsere, iye n'kulemba dzina lake ndi imelo yake. Tsiku lomwe mudzasemphane, dzina la bizinesi yanu lapita naye. Lembetsani m'dzina lanu kapena la kampani, ndipo poti muli angapo, mugwirizane polemba kuti mwini wake ndani. Dziwaninso kuti domain ili ngati munda wobwereka, mumalipira chaka ndi chaka, mukaiwala wina akhoza kuitenga. .com mukhoza kulipiriratu mpaka zaka 10.

Musanalipire, fufuzani ku Instituto da Propriedade Industrial ngati wina sanalembetse kale dzinalo ngati chizindikiro cha malonda ake, muonenso ngati lili lopanda mwini pa Facebook. Mukasankha maina atatu omwe apambana mayeso a pa foni aja, nditumizireni tiwaonere limodzi.