Kodi tinene kala, mtundu kapena utoto?

Mayi wina wosoka zovala ku Chinamwali, kuno ku Zomba, akuti ali ndi zithunzi zakale za madiresi a ku Paris, zojambula pamanja. Akamaonetsa makasitomala amangoti "onani kala yake, onani layini yake." Akufunsa ngati Chichewa chili ndi mawu akeake.

Alipo mayi, ndipo "kala" ameneyu amandipweteka m'makutu. Mtundu ndi umene maso amaona, utoto ndi umene dzanja limapaka. Zithunzi zanuzo zikufuna mawu onse awiri. Magazini ngati Gazette du Bon Ton, imene inkatuluka ku Paris kuyambira 1912 mpaka 1925, inali ndi akatswiri ojambula monga Georges Lepape ndi George Barbier. Makina ankasindikiza mizere, kenako anthu ankapaka utoto ndi manja kudzera pa tizitsulo topyapyala tobooledwa, mtundu uliwonse kachitsulo kake. Afalansa amati pochoir. Ngati zanuzo ndi zoterozo, ziyandikizeni kumaso, muona utoto utakhuthala pang'ono pamwamba pa pepala.

Chimene chimandisangalatsa kwambiri n'chakuti kwathu mtundu ndi mneni: chinthu chimafiira, chimayera, chimada. Diresi silikhala "la redi", limafiira, ndipo likafiiritsa timati psuu! Loyera ndi mbee, lakuda ndi bii. Mawu amenewa amanena kukula kwa mtunduwo, pamene "kala" sanenapo kanthu. Chikasu tinachitenga ku chomera chija cha muzu wachikasu, ndipo kubiriwira n'kwa chimanga cha mu Januwale, biriwiri. Agogo anga ankati nsalu "yobiriwira" ngakhale ili yooneka ngati thambo, ndipo ndikhulupirira akale onse ankatero. N'chifukwa chake "buluu" ndimamulola, anatseka mpata weniweni.

Koma "layini" ayi, asiyireni a mafoni. Ife tili ndi mzere, ena amati mzera, zonse n'zabwino. Mzere umawongoka, umapindika, umatsetsereka. Madiresi a m'ma 1920 mzere wake umatsika mowongoka kuchokera paphewa, chiuno chitatsitsidwira m'munsi, ndipo wojambula waluso ankautha ndi kukoka kumodzi kwa cholembera.

Kasitomala akabwera, muuzeni kuti: "Taonani mzerewu mmene watsetserekera, ndi kufiira kwake psuu. Ndikusokereni lotere?"