Mwana akufuna sayansi ya mpunga, bambo akuopa khasu

Bambo ena a ku Area 25 afunsa motere: "Mwana wanga wamkazi ali Fomu 4. Ine ndimati achite unamwino, koma wakakamira zokaphunzira kupanga mitundu ya mpunga yopirira chilala ndi nthaka yoguga. Sukulu yonseyi n'kudzatheranso ku khasu?"

Bambo, matope adzawaponda ndithu, pamenepo sindikunamizani. Koma mumve kaye funso lomwe mwanayu akufuna kulimbana nalo.

Pa thumba la feteleza wokulitsa lolembedwa 23:21:0+4S, nambala yapakatiyo ikunena za fosifolasi. Mchere umenewu suyenda m'nthaka ngati wa Urea. M'dothi lofiira umamatirira, ndipo dothi likauma umafika movutikira kwambiri ku mizu. Muzu uyenera kuulondola wokha. N'chifukwa chake vuto la fosifolasi ndi la madzi amalifufuzira limodzi: zonse zimathera pa mizu.

Mu 2012 akatswiri a IRRI, bungwe lofufuza za mpunga la ku Philippines, ndi anzawo a ku Japan analengeza jini (kachinthu ka mu mbewu kosunga chibadwa chake) yotchedwa PSTOL1, yomwe anaipeza mu Kasalath, mpunga wamakolo wa ku India. Jiniyi imachulutsa mizu mbewu ikadali yanthete. Mu 2013 gulu la Yusaku Uga, katswiri wa ku Japan, linalengeza ina, DRO1, yochokera mu mpunga wakumtunda wa Kinandang Patong, yomwe imalozetsa mizu pansi. Atakwatitsa mpungawu ndi mpunga wina wotchedwa IR64, wa mizu yosazama, mbewu yatsopanoyo inabereka bwino pa chilala kuposa IR64 weniweniyo.

Komatu zokolola sizidalira jini imodzi, ndipo chomwe chachita bwino kunja chiyenera kuyesedwa kuno, ku Lifuwu ku Salima, ku Bwanje kapena ku Hara. Palinso lilime la Amalawi. Mpunga utapirira chotani, ukapanda fungo la Kilombero amayi ogula mumsika wa Lilongwe angoununkhiza m'manja n'kupitirira. Kuphatikiza kupirira ndi fungolo ndiye ntchito ya zaka zambiri, ndipo wochokera kutali sangatichitire bwino kuposa mwana wodya mpungawo.

Tsono njira yake. Pa MSCE pamafunika makirediti osachepera 6 kuphatikizapo Chingerezi, koma alimbikire Biology, Chemistry ndi masamu. Masamuwo ndikuwatchula dala. Ana ambiri amathawira ku zaulimi poganiza kuti awazemba, n'kukawapeza akuwadikira: mitundu mazanamazana m'timapuloti, uku othiridwa feteleza uku ayi, kuyeza kulemera kwa mpunga wa puloti iliyonse, kenako kusanthula pa kompyuta kuti adziwe ngati kusiyanako kwachokera ku mbewu kapena ku dothi. Polemba fomu ya NCHE, yofunsira malo m'mayunivesite a boma, aike LUANAR, yunivesite ya zaulimi ya ku Bunda, maphunziro a Agronomy kapena Biotechnology, ndipo awerenge yekha zofunika za chaka chimenecho. Za fizi, akasankhidwa afunsire ngongole ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira a m'mayunivesite.

Digiri yoyamba ndi zaka 4, koma siimufikitsa potsogolera kafukufuku. Pamafunika masitazi, kawirikawirinso PhD. Sukulu za WACCI ku Ghana ndi ACCI ku South Africa zinakhazikitsidwira ntchito yophunzitsa opanga mbewu a mu Africa muno, ndipo RUFORUM, mgwirizano wa mayunivesite a mu Africa pa zaulimi, imathandiza ena ndi ndalama za maphunziro.

Mipando ya mpunga wokha ndi yochepa, musayembekeze zambiri. Olemba ntchito ndi nthambi ya boma ya kafukufuku wa ulimi, mabungwe ofufuza za mbewu monga ICRISAT ndi IITA omwe ali ku Chitedze (malo a boma a kafukufuku wa ulimi), makampani a mbewu ndi mayunivesite. Chonditonthoza n'choti luso lokwatitsa ndi kusankha mbewu ndi lomwelo pa chimanga, mtedza ndi soya, choncho asadzitsekere pa mpunga adakali chaka choyamba.

Musanakangane zambiri, holide ikubwerayi mupite naye ku Chitedze, pamsewu wa Mchinji pompa. Akapemphe kuona nkhokwe yosungira mbewu zamakolo, acheze ndi ogwira ntchito m'mapuloti, ndipo awafunse za malipiro awo inu muli pomwepo.