Buku la ma option landiimitsa mutu, nditani?

FUNSO: A Mlangizi, ndakhala ndikugula masheya kwa kanthawi ndithu, ndiye mnzanga wandibwereka buku lofotokoza malonda a ma option. Ndafika pa masamu a Black-Scholes, mutu waima. Kodi malonda amenewa munthu angawadziwe powerenga buku lokha? Nanga masamuwo ndingawadumphe? Ndine wowerenga wanu.

YANKHO: Achimwene, adumpheni kaye, palibe akumangeni. Fischer Black ndi Myron Scholes adasindikiza masamuwo, owerengera mtengo woyenera wa option, mu 1973, chaka chomwe msika wa Chicago Board Options Exchange udatsegulidwa, ndipo mu 1997 Scholes ndi Robert Merton adalandira nawo mphoto ya Nobel. Ndi ntchito yaikulu, koma lero amawerengera ndi kompyuta. Zomwe zimadya ndalama za anthu zili m'masamba oyambirira, amene ambiri amangowathamangira.

Option ndi pangano, ndipo ilipo mitundu iwiri: call ndi put. Mukagula call mwagula ufulu wogula masheya pamtengo wogwirizana, umene amautcha strike, pangano lisanathe. Put ndi ufulu wowagulitsa. Ufuluwo mumaulipira premium, ndipo ku America pangano limodzi limaimira masheya 100.

Tsopano tengani pensulo tiyerekeze. Sheya ili pa madola 50. Mwagula call ya mwezi umodzi, strike 55, premium madola 2 pa sheya, ndiye kuti mwatulutsa 200. Tsiku lomaliza lafika, sheya ili pa 54. Munalosera bwino, yakweradi, koma 200 yonse yapita. Ndani angafune ufulu wogula pa 55 chinthu chomwe pamsika chili pa 54? Ikafika pa 56 mupulumutsako 100 yokha. Kuti ndalama zanu zingobwerera basi, sheyayo ifike pa 57. Apa ndi pamene ndimafuna munthu akhalepo sabata yathunthu, akusintha manambala, mpaka zimulowe kuti kulosera kuti mtengo ukwera sikokwanira. Uyenera kukwera mokwana, komanso m'nthawi yake. Sheya mungaisunge zaka mukudikira, koma option ili ngati kandulo yoyaka, ikutha ngakhale inu mutagona. Kutha kumeneku buku lanu likutchula kuti theta, ndipo kumathamanga kwambiri masiku omaliza akamayandikira.

Mukafika pamutu wa kugulitsa ma option, samalani. Umakoma kuwerenga chifukwa premium mumalandira ndinu. Komatu wogula amataya zomwe walipira zokha, pamene wogulitsa call amene alibe masheya ake m'manja angataye mopanda malire, poti mtengo wa sheya ulibe pomwe umalekezera kukwera. Mutu umenewo uwerengeni kuti muudziwe, osati kuti muuyese msanga.

Buku lokha silikwanira ayi. Silingakuonetseni momwe kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira kumadyera phindu, ngakhale momwe mtima umagundira ndalama zikamasungunuka pamaso panu. Mabuloka ambiri ali ndi maakaunti oyeserera, opanda ndalama zenizeni. Tsegulani imodzi, ndipo musanagule option iliyonse lembani m'kope zinthu zitatu: ndalama zonse zomwe mungataye, mtengo womwe sheya iyenera kufika kuti zanu zibwerere, ndi tsiku lomwe pangano likutha. Chimodzi chikakuvutani kulemba, bwererani ku mutu woyamba wa bukulo.